Kope tikulemba, koma za kumudzi zikugwetsa bajeti

Azakhali,

Tikulemba m'malo mwa gulu lathu la chipereganyu kuno ku Johannesburg. Ambiri mwa ife timagwira ntchito za m'nyumba, m'magadeni ndi m'mashopu. Malipiro athu satalikira R28.79 pa ola, malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu March 2025. Wogwira maola 45 pa sabata amapeza pafupifupi R5,600 pa mwezi.

Kulondoloza ndalama sikutivuta. Aliyense ali ndi kope, tsamba limodzi sabata imodzi, mizere itatu: tsiku, chimene wagula ndi mtengo wake. Timalemba madzulo omwewo, chifukwa ya taxi ndi ya bandulo ikagona sikumbukikanso. Malisiti a ku Shoprite kapena Boxer timamata kumbuyo kwa tsamba, ndipo za pa spaza (timagolosale ta m'makomboni), zimene zilibe lisiti, timalemba pomwepo. Lamlungu timaphatikiza zonse n'kufananiza ndi zotsala m'thumba komanso mu akaunti. Zikapanda kugwirizana, nthawi zambiri zadyedwa ndi debit order yoiwalika (ndalama yodulidwa yokha mu akaunti polipira zinthu monga inshulansi), zimene banki imadula potapa ndalama pa ATM, kapena ngongole ya mayunitsi a foni.

Malipiro akangolowa, lendi, thiransipoti ya mwezi wonse ndi inshulansi ya maliro zimachoka tsiku lomwelo. Ya ndiwo sitiigawa panayi. Kupatula February, mwezi uli ndi masiku 30 kapena 31 pomwe masabata anayi ndi masiku 28 okha, ndiye wogawa panayi amatsala ndi masiku awiri kapena atatu opanda kanthu, ndipo ngongole imayambira pamenepo. Timagawa ndi masiku. Ufa wa 10kg kapena 12.5kg, nyemba, mpunga ndi mafuta ophikira timagula kamodzi pa mwezi, ndipo ubwino wake izi zilibe VAT ya 15%. Ya magetsi a June ndi July timayamba kupatula mu April, poti hita imameza mayunitsi koopsa.

Pamene pakutigonjetsa ndi pa mzere wolembedwa kuti "kumudzi". Zina zimadziwikiratu nthawi yake: feteleza mu October ndi November, fizi potsegulira teremu iliyonse, chimanga kuyambira January mpaka March. Izi timaphatikiza za chaka chonse n'kugawa ndi 12. Potumiza, kaya pa Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, timayang'ana makwacha amene afike pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa amene akudula zochepa nthawi zina ndi amene akusintha motsika.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pakati pa mwezi uthenga umalowa pa WhatsApp: mayi agonekedwa, kwagwa zovuta, denga lasasuka. Munthu amatapa ya chakudya, kenako ya lendi, pomaliza amathamangira kwa mashonisa, anthu obwereketsa ndalama mwakatapila. Katapila wake ndi woti ena amafuna R50 pa R100 iliyonse, ndipo amalanda khadi la ku banki ngakhale lamulo likuletsa. Kope lolembedwa mwaukhondo limasanduka kaundula wa ngongole. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023, achibale ambiri akamva R1,000 amaiwerenga m'makwacha n'kuona ngati chuma, osadziwa kuti kuno sikwana n'komwe lendi ya kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni.

M'gulu mwathu tagawanika. Ena akuti abale tiziwaonetsa bajeti yonse, aone okha lendi ndi taxi. Ena akuti ukangotchula malipiro, zopempha zimawirikiza. M'mabanja namonso muli nkhani: bambo akutumiza kwawo mwamseri, mayi nawonso kwawo, kope n'kumanama.

Tithandizeni, Azakhali. Kholo limene linakulera ungaliuze bwanji kuti ya mwezi uno yatha, popanda kuoneka kuti Joni yakusokoneza mutu? Thumba la zadzidzidzi likhale la ndalama zingati kwa munthu wa R5,600, ndipo lizisungidwa ku gulu, kumene sungatape wekha, kapena mu akaunti yako? Nanga mwamuna ndi mkazi agawane motani ya kumudzi ngati wina amalandira zambiri kuposa mnzake?

Ife,
Akomiti a gulu la chipereganyu,
Rosettenville, Johannesburg