Tisanyoze ana opanga magalimoto a mawaya

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'nyuzipepala yanuyi pa nkhani ya ana opanga magalimoto a mawaya, yomwe yandigwira mtima kwa miyezi inayi tsopano. Ndine bambo wa zaka 63. Ndinayendetsa mathiraki kwa zaka 28, ndipo ndinatsika pachiwongolero chaka chatha msana utayamba kukana. Njira ya ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndaiyenda, ya ku Beira ndaiyenda, ya ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndiye maulendo ake sindingawerenge n'komwe. Zaka zambiri ndinali pa Scania 113, hosi (mutu wa thiraki wokoka thirela) ya madifu awiri, ndipo phiri la Chiweta ndalikwera nayo mvula ndi dzuwa lomwe.

Kupuma ntchito kumawawa kwa dalaivala. Thupi linazolowera kudzuka m'bandakucha, kuzungulira galimoto ndi tochi, kugogoda matayala limodzilimodzi, kumvetsera ngati mpweya ukutuluka penapake. Mwana wanga wachiwiri, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, ataona kuti ndimangoswera pakhonde kuyang'ana msewu, pa Khirisimasi anabwera ndi bokosi. Pamwamba pake panali chithunzi cha Scania 143, dzina la kampani ya ku Italy yotchedwa Italeri, ndi manambala akuti 1:24. Ndinkayesa m'katimo muli galimoto yothaitha yongoika pashelefu. Nditatsegula ndinapeza tizidutswa ta pulasitiki tambirimbiri togwirana pa timafelemu, matayala a labala, magalasi, kapepala ka zomata, ndi kabuku ka zithunzi zosonyeza kuti ichi chilowa apa, icho chilowa apo. "Bambo, mupange nokha," anatero. Anandisiyiranso kabotolo ka guluu wa Tamiya, wa ku Japan.

Manambala aja akutanthauza kuti chilichonse cha pa thiraki yeniyeni chachepetsedwa ka 24. Hosi yotalika pafupifupi mamita 6 imabwera masentimita 25 okha, yokwana pachikhatho ndi mkono pang'ono. Koma zonse zilipo: injini, giyabokosi, pulopushafuti, difu, masipuling'i, matanki a mafuta ndi a mpweya, bedi la dalaivala kumbuyo kwa mipando.

Ndinayambira pa injini monga kabukuko kananenera. Kwa amene sadziwa, dzina la Scania yakale limanena lokha za injini yake: 113 ndi ya malita 11, 143 ndi ya malita 14, ndipo 3 wakumapetoyo ndi m'badwo wa galimotoyo. Yanga ija inali ya masilinda 6 ondondozana mzere umodzi. Iyi ndi V8, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, mtundu wa injini womwe a Scania anayamba kupanga mu 1969. Tikakumana nayo pamsewu tinkaizindikira ndi kulira kwake isanaoneke. Ndinene zoona, zaka zonse zija injini ndinkaiona kabini ikapendekedwa, ine n'kuyang'ana oyilo, madzi ndi malamba, zotsalazo n'kusiyira makaniko. Apa ndinaigwira yonse pakati pa zala ziwiri, kuitembenuza, kuona mmene utsi umachokera mbali zonse ziwiri kupita ku tebo, ndi mmene mphamvu imatsikira kuchoka ku injini mpaka kumatayala akumbuyo mumzere umodzi. Ndinakhala nayo m'manja nthawi yaitali ndisanaimate.

Zida sindinagule. Chowengera zikhadabo ndicho chimadula tizidutswa pafelemu, lezala imapala zotsalira, kachipaliro ka zikhadabo ka mayi akunyumba kamasalaza, mapegi oyanikira zovala amapana zinthu guluu akamauma. Kachidutswa sathyola ndi dzanja, kamang'ambika. Ndipo chilichonse uyenera kuchiyesa kaye chouma, uone ngati chikukhala bwino, kenako guluu. Guluu ameneyu ali ngati madzi, ndipo samata monga timadziwira ife. Amasungunula pulasitiki pang'ono mbali zonse ziwiri, zikauma n'kukhala chinthu chimodzi, ngati kuwotcherera chitsulo. Umapana zidutswa ziwirizo, n'kukhudza pamsoko ndi kaburashi, iye amayenda yekha mumsokomo. Akakhudza chala chako, chidindo cha chalacho chimatsala pachitseko cha galimoto. Pamene pali penti kapena zonyezimira ngati siliva sagwira, mpaka upale kaye pulasitiki ioneke.

Tsono chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Pali mnyamata wa aneba athu, wa zaka 12, ali Sitandade 6. Ndi mmodzi mwa ana aja mumawaona akukankha magalimoto a mawaya m'misewu ya fumbi, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, matayala odula ku mapatapata akutha. Ankaima patali n'kumasuzumira ndikamagwira ntchito pakhonde. Tsiku lina ndinamuitana kuti akhale pa mpando.

Tsiku limenelo ndinali nditamaliza chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zija ndi zopingasa zake, ndipo ndinali nditaveka matayala. Ineyo ndinkaona kuti zili bwino. Mwanayo anagwada, kuika tsaya pathebulo, diso limodzi atatsinzina. "Agogo, tayala ili silikugunda pansi." Ndinayang'ana. Zoonadi, tayala lakutsogolo kumanja linali m'malere, pepala limalowa pansi pake. Chasisi inali itapotoka chifukwa ndinamata zopingasa zonse nthawi imodzi nditainyamula m'manja. Anapempha ulusi kwa mayi akunyumba, nayeza kuchoka pangodya yakutsogolo kumanzere kufika pangodya yakumbuyo kumanja, kenako kusinthanitsa. Ulusi sunafanane. Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa. Anati palibe, koma galimoto ya mawaya ikapanda kufanana chonchi imakokera kumbali. Akonzi, umu ndi mmene ndinaonera amisiri akuyezera chasisi ya thiraki yomwe yachita ngozi, iwo ndi tepi, mwanayu ndi ulusi wosokera.

Tinadontheza guluu pamisoko kuti ifewe, tinamasula zopingasa ziwiri mosamala, n'kuyambiranso. Ulendo uno tinagoneka chasisi pa galasi la luvala lomwe ndinachotsa pawindo la kubafa, poti galasi ndi losalala ndipo silinama. Tinatsamiritsa mabokosi a machesi mbali ndi mbali, n'kuisiya usiku wonse. M'mawa matayala onse anagunda pansi.

Ndi mwana yemweyu amene anafunsa chifukwa chake chiwongolero chili kumanzere. Ndinamufotokozera kuti galimotoyi kwawo ndi ku Sweden, komwe amayenda kumanja kwa msewu kuyambira mu 1967, pomwe ife kuno, Mozambique, Zambia, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa timayenda kumanzere. Anawerenganso matayala n'kuona kuti kumbuyo kuli ekiselo imodzi yokha, pomwe mathiraki amene amadutsa pa Zalewa Road ambiri ali ndi awiri. Apa ndiye tinacheza za katundu wolemera, za misewu yathu, za sikelo ya ku Balaka, ndi chifukwa chake kulemera kumagawidwa pa maekiselo. Mafunso ake anali a munthu amene waganizapo kale za galimoto.

Pa galasi lakutsogolo ndinalakwitsa ndekha, ndipo ndikunena kuti wina asabwereze. Ndinaopa kuti guluu wa Tamiya asungunula galasi, ndiye ndinagula supa guluu pa okala. Kutacha galasi lonse linali litayera mbee m'mbali ngati lagwa nkhungu. Nthunzi ya supa guluu ndiyo imatero. Ndinalichotsa, ndinakhala masiku awiri ndikulipukuta ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu kofewa mpaka linayamba kuonekanso. Polibwezera ndinagwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, yemwe akauma saoneka ndipo sadya pulasitiki. Penti ndinagula wopopera m'hadiweya ku Limbe, koma ndinayesa kaye pa timafelemu totsala, chifukwa penti wina ndi waukali, amakwinyitsa pulasitiki. Umapopera patali, pang'onopang'ono, maulendo atatu kapena anayi, osati kamodzi kothothoza. Ukatero vundikira ndi beseni, apo ayi fumbi lathuli limakakamira. Ndinasankha mtundu woyera ndi mzere wabuluu, monga inalili yanga.

Mu bokosimo munali mapaipi a mpweya olumikiza hosi ku thirela, amene madalaivala timati masuzi, koma a pulasitiki youma, osaoneka ngati enieni. Mnyamata uja anapita kwawo, anabwera ndi tiwaya ta mu chaja yakufa ya foni. Anakulunga kawaya pa msomali waung'ono, mozungulira mothinana, anasolola msomaliwo, n'kutsala kasipuling'i kotamuka. Anapanga tiwiri. Tinapaka kamodzi kofiira, kena kachikasu, ndipo ndinamuuza ntchito yake: kofiira kamadzaza mpweya m'matanki a thirela, kachikasu kamatumiza uthenga ukaponda buleki, ndipo kofiira kakaduka thirela imadzimanga yokha mabuleki. Pa teni tebulo, pamene thirela imakolekedwa, tinapakapo khala la pensulo kuti pade ngati girisi. Mkati mwa madigadi tinanyenyamo dothi lofiira la pabwalo pomwe pano. Mnzanga wina amene tinkayenda naye njira ya ku Beira atabwera kudzandiona anawerama pamenepo nthawi yaitali osayankhula, kenako anangoti, "Akulu, iyi yachokera pa Tete."

Bokosi lija linali la hosi yokha. Thirela munalibe. Mnyamatayo anabwera ndi anzake atatu n'kunena kuti apanga okha. Ndinawauza kuti ndilola pokhapokha ikhale ya muyeso womwewo. Kontena ya mafiti 40 ndi yotalika mamita 12.19, mulifupi mamita 2.44, msinkhu mamita 2.59. Ndinawalembera manambalawa pa katoni n'kuwauza kuti agawe ndi 24. Mmodzi mwa iwo mayi ake amadandaula kuti masamu amalephera teremu ndi teremu. Ndi iyeyo amene anayamba kupeza yankho, akulemba ndi kamtengo pansi: masentimita pafupifupi 51, 10, ndi 11. Sanafunse kuti masamuwa amuthandiza chiyani, chifukwa rula inali m'manja mwake ndipo katoni imadikira kudulidwa. Felemu apinda ya mawaya, kontena ya katoni yosenda mbali imodzi kuti mizere ya m'kati ioneke ngati malata a kontena. Nzeru yosenda katoniyo si yanga.

Sindikunena kuti makolo agulire ana mabokosi amenewa. Ndi odula, ine m'mashopu a ku Limbe ndi Blantyre sindinawaonepo, ndipo ufa uli patsogolo. Chimene ndikunena n'chakuti luso limene bokosi la ku Italy limafuna, ana athu ali nalo kale m'manja, ndipo ife akuluakulu timalipondereza. Ndamvapo kangapo kholo likukalipa, "Taya zinyalalazo, ukawerenge!" Inenso ndinawatero ana anga, ndipo lero zikundipweteka. Mwana wopinda waya kuti matayala akutsogolo akhote onse pamodzi wamvetsa kale mmene chiwongolero chimagwirira ntchito. Amene amaika labala kuti galimoto yake inese pa mabampu wamvetsa ntchito ya sipuling'i. Ndikudziwa dandaulo loti ena amadula mipanda ya anthu pofuna waya. Limenelo ndi loona, ndipo mwana wotero adzudzulidwe pa kubako. Koma timulozere kumene angatole waya wotayidwa, kwa owotcherera ndi kumagaraja, m'malo momuletsa ntchito yonse.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a kupulayimale. Pa phunziro la Expressive Arts ana amapanga kale zinthu ndi manja. Onjezanipo muyeso. Atengeni akayeze minibasi kapena ngolo ya ng'ombe ndi chingwe, agawe ndi 10 kapena 20, apange yofanana nayo. Mudzaona ana amene amakhala kumbuyo m'kalasi akubwera kutsogolo. A TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi masukulu a ntchitozi aganizireko zokhala ndi timagalimoto totere tingapo m'makalasi a umakaniko, poti wophunzira akhoza kuona galimoto yonse kunsi ndi kumwamba pathebulo asanalowe pansi pa yeniyeni. Eni makampani a mathiraki, amene amadandaula kusowa kwa amakaniko odziwa ntchito, akhoza kuthandiza pamenepa, ngakhale kungolola ana asukulu kudzaona kabini ikupendekedwa tsiku limodzi pa teremu.

Ndipo kwa madalaivala anzanga amene munatsika pachiwongolero, m'mitu mwathu muli zambiri zomwe tipita nazo kumanda tikapanda kuzinena. Itanani ana a m'dera lanu akhale pakhonde ndi magalimoto awo a mawaya, muwafunse chifukwa chake anapinda apa osati apo, muwauze dzina la chinthu chomwe apangacho ndi ntchito yake pamsewu.

Scania yanga yatsala magalasi a m'mbali ndi zomata, zomwe amaviika m'madzi ofunda kaye kuti zitsetsereke kuchoka papepala. Zimenezo ndasungira mnyamata uja, poti zala zake n'zokhazikika kuposa zanga. Loweruka likubwerali onse anayi abwera ndi thirela yawo, ndipo tagwirizana kuti kingipini, kachitsulo ka pansi pa thirela kolowa mu teni tebulo, tidula ku sipoko ya njinga. Akufuna ndiwaonetse mmene dalaivala amabwerera m'mbuyo pokoleka, ndi chifukwa chake amakoka pang'ono kutsogolo asanakweze miyendo ya thirela.

Dalaivala wopuma ntchito,
Chirimba, Blantyre