Lipoti la msonkhano wa za autism umene munandituma ku boma

A wapampando, a komiti ndi alezi anzanga a pa mkombaphala wathu, ndabwerako. Msonkhano unali wa masiku awiri pa boma pa Mulanje. Tinalipo alezi, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi makolo, ena ochokera ku Thyolo, mpaka ku Thekerani komwe. Chenji cha thiransipoti ndasiya kwa a msungichuma.

Ndisabise, ndinkapita ndi maganizo oti ndikabwera ndi dzina la mankhwala a mwana wathu uja wondandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde. Mankhwala ochiza autism kulibe. Anatiuza zimenezi m'mawa wa tsiku loyamba, ndipo mayi wina amene ndinakhala naye benchi imodzi anangowerama n'kuyamba kupukuta misozi ndi chitenje.

Autism ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, ndipo amakhala nayo moyo wake wonse. Mwana sacheuka ukamuitana dzina, sakuyang'ana m'maso, saloza chimene akufuna, ena amachedwa kuyankhula kapena amangobwereza mawu amene wanena. Ena amakupiza manja, ena phokoso la mvula pamalata limawapweteka m'makutu mpaka kukuwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali nayo, ndipo imapezeka kwambiri mwa anyamata. Dokotala wa ku America, Leo Kanner, analemba za ana otere mu 1943, ndipo United Nations inapatula 2 April chaka chilichonse kukhala tsiku lozindikiritsa anthu za autism. Katemera sayambitsa vutoli, izi anazibwereza katatu. Pa nkhani yoti bambo anakhwimira mwana kuti bizinesi iyende, panali phokoso. Bambo wina wa ku Luchenza anaimirira n'kunena kuti abale a mkazi wake anamuthamangitsa pamudzi chifukwa cha mphekesera yomweyi. Tonse tinangoti zii, poti nafenso kwathu kuno mawuwa tinawanenapo.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndikufuna mulimvetse bwino. Anatikhazika pamphasa, n'kutipatsa dongo, makala, mapepala ndi utoto, n'kutiletsa kuyankhula kwa mphindi zingapo. Aliyense afotokoze zimene zinamuchitikira m'mawa popanda kutsegula pakamwa. Ine ndinaumba kabaza amene anandigwetsera m'matope pa Chitakale, anthu anaseka, koma nkhani anaimva. Mphunzitsi wathu anati basi, mwaona, mwana amene mawu amamukanika ali nazo zonena, chimene akusowa ndi podutsira.

Malangizo ake ndi osiyana ndi mmene timachitira ife. Ife timajambula nyumba pabolodi n'kuuza ana onse akopere, wolakwitsa timamugwira dzanja. Iwo akuti mwana wotere usamugwire dzanja, usamufunse kuti wajambula chiyani. Khala pambali pake, tenga khala lako, chita zimene iye akuchita. Akalemba mizere, nawe lemba mizere. Tsiku lina adzayang'ana pepala lako, tsiku lina adzakupatsira khala, ndipo kumeneko ndiye kucheza kwayamba. Akuti nthawi ikhale yomweyo, malo omwewo, pakona popanda phokoso, chifukwa ana amenewa kusinthasintha kumawasokoneza. Ndipo si onse okonda dongo. Ena chinthu chonyowa chikawakhudza m'manja amanyansidwa, amenewo apatseni mchenga wouma, njere za nandolo kapena zitsekerero zomwezo.

Anationetsa zojambula za Stephen Wiltshire wa ku London, amene ali mwana sankayankhula koma amajambula mzinda wonse atangouona kamodzi. N'zogometsa ndithu. Koma apa ine sindinakondwe kwenikweni, ndipo ndinakweza dzanja. Ndinati makolo akaona zimenezi adzayamba kudikira kuti mwana wawo asanduke katswiri, akapanda kutero adzamutayanso kachiwiri. Mphunzitsi anavomera. Anati ana ambiri sadzajambula chokongola, ndipo cholinga n'choti mtima ukhale pansi, zala zilimbe, ndi kuti mwana apeze njira yopemphera chimene akufuna. Ananenanso kuti chithandizo chenicheni cha zojambula chili ndi akatswiri ake ochita kuphunzira, ife tisadzitche madokotala.

Chimene ndinaona kuti tingayambe mawa lomwe ndi makadi a zithunzi. Timadula katoni, n'kujambula kapu ya phala, chimbudzi, madzi akumwa, mphasa yogonapo. Mwana akafuna chinthu amakupatsira khadi. Pamenepa ndinakumbukira mmene timamukalipira mwana uja akadzinyowetsera, chikhalirecho analibe njira yotiuzira.

Za kuchipatala anangodutsamo mwachangu. Mwana ayambe wapimidwa makutu, chifukwa wosamva nayenso sacheuka. Ngati amagwa khunyu, ameneyo mankhwala ake alipo, asachedwe. Njira ndi kudzera kwa alangizi a zaumoyo, kenako chipatala cha boma, iwo ndi amene angatumize ku Queens ku Blantyre. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzira ku koleji ya Montfort, ku Nguludi, choncho tikafunse kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ngati m'zoni mwathu muli mmodzi.

Tsopano pempho langa. Mundilole pakona pa kumbuyo paja tichotsepo nkhuni, tiyalepo mphasa. Dongo ndikatapa ndekha kudambo, makatoni ndapempha kale kugolosale. Chovuta ndi agogo ake a mwana uja, amene amamutsekera m'nyumba akamapita kokathyola tiyi. Sachita mwankhanza, amaopa msewu. Ine ndekha sangandimvere, ndine mwana kwa iwo. A wapampando, mupite ndinu pamodzi ndi a mfumu, ine ndidzangonyamula makadi. Loweruka masana amakhala ali pakhomo.