Kalata kwa achemwali anga ku Leeds

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi ana, ngakhale mwati kuzizira kwayamba kale. Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala lafika povuta.

Katundu munatumiza uja ndinakapereka kwa amayi kumudzi, ndipo juzi ija anaikonda kwambiri. Koma ndinabwerako ndi nkhawa, ndipo nkhani yake si yokamba mothamanga pafoni, n'chifukwa chake ndalemba.

Amayi sakudwala ayi. Mankhwala a BP akumwa, nsima akudya. Chavuta ndi kudzuka pamkeka. Amayamba agwada, dzanja lina pansi, lina kukhoma, kenako n'kuitana mtsikana wantchito uja kuti adzawakoke. Chaka chatha sankatero. Ntchafu zaphwa, khungu la m'mikono likulendewera. Titatsala awiri anandinong'oneza kuti kuchimbudzi akuopa kunyonyomala poganiza kuti tsiku lina adzakanika kuimirira, moti madzi akumwa mochepetsa dala. Achemwali, mtima unandiwawa. Amayi omwe aja ankasenza ndowa yodzadza kuchokera kudambo osapumira panjira!

Mtsikana munawalembera uja ndi wabwino, waulemu, sindikumudandaula. Koma akuchita chilichonse. Amayi akangogwira tsache, iye, "Agogo khalani pansi, ndisesa ine." Akafuna kutenga kachigubu ka madzi, wawalanda kale. Ndi mmene tonse tinaleredwera, kuti wamkulu sanyamula kanthu mwana alipo. Komatu ulemu umenewu ndi umene ukuwatha mphamvu amayi, chifukwa tsiku lonse likungothera pamkeka.

Minofu ya munthu imayamba kuchepa akangopitirira zaka 30, mwina ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 kuchepako kumathamanga. Zikafika poti munthu akulephera ntchito zake za tsiku ndi tsiku, madokotala amati ndi sarcopenia. Chimene chimafulumizitsa kwambiri ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi. Mnofu uli ngati khasu, likangokhala pakona limachita dzimbiri. Nkhalamba ikagona pabedi masiku 10 okha, miyendo yake imatha kutaya mnofu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Miyendo ikafooka ndiye kugwa kumayandikira, ndipo inu amene mumasamalira okalamba kumeneko mukudziwa kuposa ine zimene zimachitika munthu wa msinkhu wa amayi akathyoka fupa la m'chiuno. Ambiri sabwereranso mwakale.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti mphamvu zimabwerera ngakhale munthu atakalamba chotani. Pa kafukufuku wa ku Boston amene anasindikizidwa m'chaka cha 1990, dokotala wina, Maria Fiatarone, ndi anzake anatenga okalamba 10 a zaka 86 mpaka 96, okhala kunyumba yosungirako nkhalamba, n'kumawanyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata 8, anthu 9 amene anamaliza, mphamvu za m'miyendo yawo zinali zitawonjezeka kuposa kuwirikiza kawiri, ndipo awiri mwa iwo anasiya kuyendera ndodo. Anthu a zaka 90, achemwali! Amayi sanafike n'komwe kumeneko. Nalo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, komanso masiku atatu azichita zomuthandiza kuima nji osadzandira.

Mwina muti, nanga si amayenda kupita kutchalitchi? Kuyendako n'kwabwino, asasiye, kumathandiza mtima ndi shuga. Koma pakokha sikukwanira. Mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yolemererapo kuposa imene unazolowera, yoti pofika kumapeto munthu amve kuti watopa, ndipo ikayamba kupepuka uwonjezere.

Sizifuna jimu kapena zitsulo zogula. Mpando wathabwa uja wa pabalaza, autsamiritse kukhoma kuti usasunthe. Amayi akhale, aimirire, akhalenso pang'onopang'ono osadzigwetsa, maulendo 8 mpaka 12, apume, abwerezenso. Poyamba azigwirira m'mbali, koma cholinga n'chakuti tsiku lina adzadzuke manja ali pachifuwa. Pa zonse, chimenechi ndiye chachikulu, chifukwa ntchafu ndi zimene zimadzutsa munthu pamkeka, pabedi ndi kuchimbudzi komwe akuopa kuja. Zinazo n'zapafupi: kukankha khoma ndi manja, kunyang'ama ndi zala za kumapazi atagwira mzati wa pakhonde, kukwera ndi kutsika sitepe. Botolo la malita 2 lodzadza madzi limalemera makilogalamu 2, azilinyamula ndi mkono uliwonse, ndipo likapepuka afike pa chigubu cha malita 5. Ndipo tsache lija awabwezere, komanso kadimba kawo ka kuseri kwa nyumba azikathirira okha.

Popeza ali ndi BP, ndikufuna ndiyambe ndapita nawo kuchipatala cha boma cha kwathu kuja kuti akawayeze, tikaonanenso ndi a mafizo atiuze za bondo lakumanzere limene amalidandaula. Ponyamula chinthu asamabanike, azipuma bwinobwino. Kuphwanya kwa minofu tsiku limodzi kapena awiri si koopsa, koma kubaya m'mfundo, chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, pamenepo asiye msanga.

Kwinanso ndi kumbale. Ndinaona chakudya chawo: nsima ndi chigwada, m'mawa tiyi ndi mbatata. Dzira likaphikidwa amagawira zidzukulu, nyama amati mano sakulola. Chonsecho munthu wokalamba amafunika zakudya zomanga thupi zochulukirapo, pafupifupi galamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, pokhapokha ngati impso zili ndi vuto. Kwa amayi ndi magalamu ngati 60, pamene dzira limodzi lili ndi 6 okha. Pa ndalama mumatumiza zija, tipatuleko ya mazira, usipa, nyemba ndi soya. Usipa akhoza kuusinja n'kuuthira m'ndiwo, phala la m'mawa lizikhala lotendera kapena la mkaka, ndipo gawo lawo lizikhala lawo ndithu.

Pempho langa ndi ili. Ine ndikanena, amayi amangoseka n'kuti ndikufuna kuwasandutsa msilikali. Inu amakumverani. Mukawaimbira Lamlungu lino, muwauze nokha, ndipo mulankhulenso ndi mtsikana uja kuti adziwe kuti akawasiya agogo akusesa simumukalipira, ntchito yake ndi kuima pafupi. Ine ndizipitako mwezi ndi mwezi kukaona mmene zikuyendera, ndizikutumizirani mavidiyo pa WhatsApp.

Inunso, achemwali, tonsefe zaka 50 tinazidutsa. Kuimirira usiku wonse kuntchito kumatopetsa koma sikumanga mnofu. Mpando muli nawo kumeneko, yambani. Ine ndayamba kale, m'mawa madzi a tiyi asanawire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mundiyankhe msanga za tsiku lopita kuchipatala, kuti ndikapemphe tchuthi kuntchito.

Ndine mchemwali wanu,
wa ku Zomba