Ambiri ali ndi imelo koma saidziwa

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Mufakose, Harare, komwe tilipo ambiri ife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Chandiwawa ndi nkhani ya imelo.

Mwezi watha azakhali anga anawabera foni mu kombi pochoka ku Mbare Musika. Tinasonkherana tagula ina, koma itangoyaka yafunsa imelo, iwo akuti "Ine imelo ndilibe mwana wanga, ndimangogwiritsa WhatsApp basi." Komatu anali nayo! Pa foni ya Android simungatenge WhatsApp ku Play Store opanda akaunti ya Google, ndiye kuti mnyamata wa pashopu uja anawagulitsa foni yoyamba ndi amene anawatsegulira mothamanga, osawauza dzina lake, pasiwedi osawapatsa, ndipo nambala yobwezeretsera akaunti anaika yake. Manambala onse a abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu anali mmenemo, apita.

Abale anga, imelo ndi keyala yanu, ngati bokosi la kupositi lija. Ili ndi mbali ziwiri, kumanzere dzina limene munasankha, kenako kachizindikiro ka @, kumanja kampani yosunga makalata anuwo, monga gmail.com kapena yahoo.com. Ka @ kameneka anakasankha katswiri wa makompyuta wa ku America, Ray Tomlinson, mu 1971 kuti kazilekanitsa munthu ndi kompyuta imene makalata ake akufikira. Mu imelo mulibe mpata pakati, ndipo siyamba ndi www, imeneyo ndi webusaiti, ndaona anthu akulemba choncho pa mafomu ofunsira ntchito kenako nkumadabwa kuti bwanji sakuyankhidwa. Chilembo chimodzi chikalakwika, mwachitsanzo gmail.con m'malo mwa gmail.com, kalata siifika.

Kuipeza sikovuta nkomwe. Pa Android lowani mu Settings, tsikani mpaka pamene palembedwa Google, muiona pansi pa dzina lanu. Mwinanso tsegulani Play Store kapena Gmail, dinani kachithunzi kozungulira kali pamwamba kudzanja lamanja kaja, ituluka pompo. A iPhone lowani Settings nkudina dzina lanu pamwamba penipeni. Mukaipeza yang'ananinso nambala yobwezeretsera ngati ili yanudi ya Econet kapena NetOne imene muli nayo lero, osati layini imene munataya zaka zitatu zapitazo, chifukwa manambala achinsinsi aja amatumiza mukaiwala pasiwedi amapita kumeneko.

Kwa inu achinyamata ogulitsa mafoni m'tauni ndikupempha, mukamutsegulira munthu wamkulu akaunti muikeni nambala yake, mulembereni dzina la imeloyo pa pepala, pasiwedi asankhe yekha. Ndi mphindi ziwiri zokha zimenezo. Inunso akonzi, nkhani zotere muzitilembera mu Chichewa chifukwa makolo athu ambiri mawu achingerezi a pa foni amawaopa, amangodina Next, Next kuti zithe.

Azakhali tinawatsegulira yatsopano, ailemba ndi dzanja lawo kuchikuto cha buku la nyimbo limene amapita nalo kutchalitchi, pasiwedi yasungidwa kwina. Manambala aja tikutolerabe mmodzimmodzi, ya achemwali awo a ku Ntcheu mpaka lero sitinaipeze.

Wanu wowerenga,
Mufakose, Harare