"Kafukufuku wapeza", koma wapeza bwanji?

A Mkonzi,

Ndikupempha kuti atolankhani anu akamalemba kuti "kafukufuku wapeza", azitiuzanso mmene kafukufukuyo anachitikira. Pa nkhani za zakudya mpamene mawu amenewa akutisokoneza kwambiri. Lero timva kuti dzira ndi loipa, mawa ndi labwino, mkuja ufa wa cham'mwamba ukuchiza shuga ndi BP. Anthu afika poti nawonso akatswiri sadziwa chimene akunena.

Kafukufuku wambiri wa zakudya amangofunsa anthu zomwe amadya, kenako n'kuwatsatira kwa zaka kuti aone amene adwale. Koma ndani amakumbukira mitanda ya nsima imene anadya mwezi watha, kapena kuti mu ndiwo munali mafuta ochuluka bwanji? Komanso munthu wodya zipatso tsiku ndi tsiku nthawi zambiri amakhala wopezako bwino, wosasuta, wothamangira kuchipatala akangomva kuphwanya m'thupi. Akakhala ndi moyo wautali, tithokoze chipatsocho kapena thumba lake?

Za beta-carotene, yemwe amapezeka m'karoti ndi maungu, n'zoti mtolankhani aliyense azidziwe. Ofufuza anaona kuti anthu odya masamba ambiri sadwaladwala khansa ya m'mapapo, ndipo anaganiza kuti chinsinsi chake ndi beta-carotene. Ku Finland anatenga amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, n'kuwagawa mwachisawawa kuti ena azimwa mapiritsi a beta-carotene, ena ayi. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali yochuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Kafukufuku wofanana naye ku America anaimitsidwa mu 1996 zitaoneka kuti zikulowera komweko. Masambawo analibe mlandu, cholakwika chinali kuthamangira kuika m'botolo chinthu chosayesedwa.

Komabe sindikugwirizana ndi amene amati chilichonse chosayesedwa mmene amayesera mankhwala n'chopanda umboni. Simungagawe anthu n'kuuza theka kuti lizidya soseji kwa zaka 20 kuti tione amene amwalire. Ngakhale zoti fodya amayambitsa khansa sitinazidziwe pokakamiza anthu kusuta. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill ku Britain anayamba ndi kufunsa odwala mu 1950, kenako anatsatira umoyo wa madokotala osuta ndi osasuta kwa zaka zambiri, ndipo umboni wochokera mbali zosiyanasiyana unkaloza kumodzi. Mu 2019 gulu lina la ofufuza linalemba m'magazini ya Annals of Internal Medicine kuti anthu angapitirize kudya nyama yofiira ndi soseji monga mwa nthawi zonse, poti umboni woletsa ndi wofooka. Kwa ine anapitirira malire. Umboni wofooka sutanthauza kuti chinthucho n'chabwino, makamaka pamene nthambi ya WHO yofufuza za khansa inali itanena kale mu 2015 kuti nyama zokonzedwa ngati soseji zimayambitsa khansa ya m'matumbo.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha ntchito yogwirika bwino. Chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala sichinafale chifukwa cha otsatsa malonda. Chinayesedwa pa ana kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ofufuza akuyeza ana pa sikelo ndi kuyerekeza ndi zakudya zina, mpaka mu 2007 WHO ndi UNICEF anavomereza kuti ana otere angathandizidwe ali kunyumba. Nanga wogulitsa ufa wa cham'mwamba anayeza ndani? Cham'mwamba ndi ndiwo zabwino, sindikukana, koma munthu wa shuga akasiya mankhwala chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp, moyo wake uli pachiswe.

Atolankhani azifunsanso amene analipira kafukufukuyo. Mu 2016 zinaululika kuti m'ma 1960 bungwe la makampani a shuga ku America linalipira akatswiri a ku Harvard kuti alembe nkhani yochepetsa mlandu wa shuga pa matenda a mtima, n'kuukankhira ku mafuta. Tsono nkhani ikabwera pa desiki panu, tiuzeni ngati anayesa pa makoswe kapena pa anthu, anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati mtolankhani sanathe kupeza zimenezi, nkhaniyo iyambe yadikira.

Wowerenga wanu,
ku Zomba