Za ana amasiye unandifunsa zija

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndinailandira ndipo ndaiwerenga kangapo. Ndakondwa kumva kuti mwendo uja unapola ndipo wayambanso ntchito. Kuno tonse tili bwino, ana akuti moni.

Tsono za ndalama zimene iwe ndi anzako mukusonkha kuti mumange nyumba yosungiramo ana amasiye. Mtima wanu wachifundo ndauona, ndipo wandikhudza kwambiri. Koma poti wafunsa maganizo anga, sindikubisira: ndalamazo musamangire nyumba. Athandizeni anawo ali m'mabanja momwe akukhalamo, ndipo chachikulu chikhale chakuti asasiye sukulu.

M'kalasi mwanga muli mtsikana wina wa zaka 12, katswiri pa masamu. Makolo ake onse anamwalira, ndipo iye ndi ang'ono ake awiri akuleredwa ndi agogo awo aakazi. Anayamba ndi kujomba tsiku limodzi pamlungu, kenaka anasowa mlungu wathunthu. Nditapita kwawo ndinamupeza akuchapa zovala za agogowo, amene anali atadwala. Yunifolomu yake inali pachingwe, yong'ambika kukhwapa, yosokedwasokedwa ndi ulusi wa mitundu itatu. Ndinapempha kuona kope lake. Linali limodzi lokha la maphunziro onse, ndipo amalemba tizilembo ting'onoting'ono ndi pensulo kuti masamba asathe msanga. Akadzadza tsamba amafufuta n'kulembanso pomwepo. Mnzanga, ndinalephera kuyankhula.

Agogowo atamva kuti ndine mphunzitsi anachita mantha, ankaganiza kuti ndabwera kudzawalanda ana. Anandigwira dzanja molimba n'kundichonderera kuti ndisawasiyanitse ndi zidzukulu zawo. Chikondi pakhomo paja chilipo chochuluka. Chimene chikusowa ndi chakudya chokwanira, makope, sopo, ndi munthu woti n'kuwathandiza agogowo akadwala kuti mwana asamajombe.

Bungwe la UNICEF likamati mwana wamasiye, limatanthauza mwana wosakwana zaka 18 amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anamwalira, ndipo ambiri mwa iwo kholo limodzi lilipo. Ngakhale m'nyumba zosungiramo ana amasiye zomwezo, ana ambiri ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo. Chinawafikitsa kumeneko ndi umphawi. N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la United Nations linatulutsa malangizo akuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana m'banja lake, koma chikhale chizindikiro chakuti banjalo likufunika thandizo.

Ukukumbukira zithunzi za ku Romania zija? Ulamuliro wa Ceaușescu, mtsogoleri wa dzikolo, utagwa mu 1989, dziko lonse linaona ana oposa 100,000 atadzazana m'nyumba za boma zosungiramo ana, makanda akungogona m'mabedi popanda wowanyamula. Patapita zaka, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zoterezi mumzinda wa Bucharest, likulu la dzikolo. Theka la iwo anaperekedwa kwa mabanja oti awalere. Amene anapita m'mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'kayankhulidwe kuposa anzawo otsala, makamaka amene anatuluka asanakwanitse zaka ziwiri. Ndikudziwa kuti nyumba yanu siingakhale ngati zimenezo, ndiponso alipo ana ena amene alibiretu kolowera, kapena amene akuzunzidwa kwa abale, oti ayenera kupezeredwa pogona msanga. Komabe wantchito wosinthana ndi mnzake usana ndi usiku sangafanane ndi munthu mmodzi amene mwana amadziwa kuti ndi wake.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati maphunziro a pulayimale akhale aulere kwa mwana aliyense. Koma iwenso ukudziwa kuti sukulu yaulere imafunabe yunifolomu, zolembera ndi m'mimba mokhuta. Mwana wanjala amangoodzera pa desiki. Atsikana akatha msinkhu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa mapadi, ndipo manyazi amawaletsa kunena. Pamene ambiri amagwera ndi polowa sekondale. Apo m'pamene mtsikana amakwatiwa asanakhwime, mnyamata n'kupita kukasaka maganyu osabwereranso m'kalasi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi thandizo la chaka chimodzi. Ndaonapo mwana akulipiriridwa fizi ndi munthu wakufuna kwabwino, n'kuyamba kulota za unamwino, chaka chachiwiri munthuyo zii. Mwana uja anabwerera kunyumba atasweka mtima kuposa kale. Choncho ndi bwino musankhe ana ochepa amene mungathe kuyenda nawo mpaka atamaliza, kusiyana ndi kulonjeza gulu lalikulu. Ndipo pothandiza mwana mmodzi musaiwale abale ake ndi amene akumulera. Agogo aja akapeza kampamba kochitira kabizinesi, ana atatu onse apindula.

Chinanso, chonde musamapemphe zithunzi za anawa zoti muike pa Facebook. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wako sungalole kuti ajambulidwe atavala nsanza kuti anthu amumvere chisoni. Anawa amakula, ndipo tsiku lina adzadziona. Ngati anzako akufuna umboni wa mmene ndalama zayendera, malisiti ndi zotsatira za mayeso zilipo, ndipo ndi ufulu wawo kuzifuna.

Mtsikana uja anabwerera m'kalasi. Aphunzitsi tinasonkherana n'kumugulira makope asanu ndi yunifolomu ina, ndipo mayi wina woyandikana nawo wavomera kumakhala ndi agogo akadwala. Akulembabe tizilembo take tating'ono tija ngakhale masamba alipo ambiri. Mayeso akuyamba mwezi wamawa.

Kalatayi uwawerengere anzakowo mukakumana, ndipo undiuze mmene ailandirira. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.