Kwa mwana wanga wa kabaza, za pampu ya njinga yamoto

Chonde, Mulanje

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kupatula mayi ako amene bondo lawayambanso ndi chiperoni chino. Mlongo wako wandionetsa zithunzi za mapampu zimene unatumiza pa WhatsApp, ndipo akuti mtima wako wagwera kakuda kaja kochaja ngati foni. Usanatulutse ndalama, tayamba wayang'ana gudumu la njinga yako.

Njinga yako ndi ya masipoko, ndiye kuti mkati mwa tayala muli chubu. Tizingwe tonata tija amagulitsa pamodzi ndi mapampu, toti umangobaya pabowo tayala lili pomwepo, kwa iwe n'topanda ntchito. Timeneto n'ta matayala opanda chubu. Iwe msomali ukakulasa, gudumu lichoke, tayala litsegulidwe mbali imodzi, chubu chituluke, umate, ndiye pampu ibwere pomaliza. Choncho pa ndalama wasungayo upatulepo kaye ya zitsulo ziwiri zotsegulira tayala, mapachi, solushoni, kasandipepa ndi masipanala okwana pa gudumu lakumbuyo. Ogulitsa sangakuuze zimenezi, iwo akufuna katundu atuluke.

Kochaja kaja sindikukanyoza. Kamaonetsa manambala, ndipo mpweya ukakwana kamazima kokha. Vuto n'lakuti kamafuna munthu wokumbukira kukachaja, ndipo iwe ndimakudziwa, foni yako yomwe imakhala yozima theka la tsiku. Magetsinso kwathu kuno ukuwadziwa mmene amayendera. Batire lake silikondana ndi kutentha kwa pansi pa mpando mu Okutobala, ndipo likafa palibe wa pa Chitakale kapena pa Limbuli amene angakutsegulire n'kukonza. Pali kenanso kolumikiza ku batire la njinga la mavoti 12. Kameneko kamapopa ndithu, koma batire la njinga zazing'onozi n'lochepa mphamvu. Ukaiwala kuliza injini popopa, tayala lidzauma bwino koma sitata idzangoti tche, n'kukhala chete. Kamatenthanso msanga, umayenera kumakapumitsa.

Timabotolo ta mpweya wa CO2 ta magalamu 16 ingotisiya. Kamodzi sikafikitsa tayala lakumbuyo pamene liyenera kufika, ukakabowola katha, kamazizira mpaka kulumata zala, ndipo mpweya wake umatuluka m'chubu msanga kuposa mpweya wamba. Ndiponso ukatha nato, ena ukawagula kuti kuno?

Ine ndikuti gula pampu yamanja, yoimika pansi n'kuipondera ndi phazi, yaifupi yoti ingamangike ndi malaba kumbali kwa kaliyala. Thupi lake likhale lachitsulo, osati lapulasitiki. Koma chimene uyang'anitsitse kwambiri ndi paipi yake ndi kamwa lake. Valavu ya njinga yamoto ndi yofanana ndi ya galimoto, si ija ya njinga yakapalasa yakuda imene agogo ako ankakwera, ndiye pampu ina imene ili pa msika siingalowe n'komwe. Kamwa labwino n'lamkuwa, lomanga pozungulitsa. Tija timapampu topanda paipi, toluma valavu mwachindunji, timaigwedeza uku ndi uku pamene ukupopa, mpaka chubu chimang'ambika patsinde pa valavu, ndipo pamenepo sipamatika. Pita nayo njinga kwa wogulitsa, uphwetse tayala pang'ono iye akuona, upope. Ngati pakamwa pakumveka fwii, isiye. Ufunsenso ngati mutu wake umatseguka, chifukwa wasala ya mkati ikauma umangoithira timadontho ta oilo, ikatha umaika ina, pampu n'kukhalanso yatsopano. Yopopa ndi phazi nayonso ndi yabwino kwa munthu wa msana, koma imalemera ndipo pamatope imapendama.

Geji yoyezera mpweya wa m'tayala ugule payokha, kaja konga cholembera. Anzako a pa siteji amangomenya tayala ndi chala n'kunena kuti lakwana, koma tayala la njinga yamoto limaoneka louma ngakhale mpweya utachepa kwambiri. Njinga zambiri za injini ya saizi 125 ndi 150 zimafuna pafupifupi 25 psi (muyezo wa mpweya pa geji) kutsogolo, kumbuyo kuyambira 28 mpaka 33 malinga ndi katundu. Nambala yeniyeni ya yako ili pa kapepala komata pafupi ndi tcheni kapena m'buku lake. Uziyeza m'mawa usanayende, tayala lisanatenthe. Pamenepa ndiye pagona nkhani, chifukwa machubu ambiri a kabaza saphedwa ndi misomali. Munthu wanyamula mayi ndi thumba la chimanga pa tayala lofewa, wagunda mwala, limu laluma chubu, mabowo awiri oyandikana. Kapena wamanga buleki mwamphamvu potsetsereka, tayala latererako pa limu n'kukoka chubu, valavu yazuka. N'chifukwa chake chubu chosungira chisamasowe m'chikwama. Saizi yake uwerenge pambali pa tayala, ngati ndi 17 kapena 18, usangoganizira.

Pa tala, kuchoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Muloza, omata matayala sasowa. Koma makasitomala ako ambiri amakutengera m'tinjira ta m'minda ya tiyi ndi kutsinde kwa phiri, kumene namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa miyala ndi kukokolola milatho, ndipo malo ena miyala yakuthwa idakali panja. Kumeneko ukaphwetsa, womata ndiwe.

Pomata usathamange. Pala pozungulira bowo mpaka pachoke kunyezimira, paka solushoni wochepa, udikire aume mpaka asamamatirire ku chala, ndiye uike pachi n'kuikanikiza kwambiri. Anyamata ambiri amaika pachi solushoni ali wamadzi, n'kumadabwa itatukuka asanafike pa Nkando. Usanabwezere chubu, yendetsa zala pang'onopang'ono mkati mwa tayala lonse, chifukwa minga kapena kawaya kamene kakulasa kamakhala kadakali momwemo. Chubucho uchipope pang'ono chisanalowe kuti chitsulo chisachitsine. Ukamaliza, ika malovu pa valavu uone ngati akuchita thovu. Solushoni ukamutsegula amauma m'kachubu kake ngakhale utatseka, ndiye uzimufinya nthawi ndi nthawi uone ngati akadali moyo.

Chinanso, ndipo ichi ndi cha mayi ako koma ndikugwirizana nawo. Tayala likaphwa usiku pamalo opanda nyumba, usagwade pamenepo ndi tochi kukamwa. Njinga zikubedwa, ndipo eni ake akuvulazidwa. Ikankhe mpaka pakhomo pa munthu, uodire, upemphe kukonzera pabwalo. Wokwera akadandaula, m'bwezere ndalama yake.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ubwere nayo njingayo kuno pamodzi ndi zonse wagulazo. Tidzachotse gudumu lakumbuyo pansi pa mtengo wa mango, uchite wekha ine ndikungoyang'ana, kuti uone ngati masipanala ako akukwana ndiponso mmene tcheni ndi ndodo ya buleki zimabwererera. Ubwere ndi mpongozi wathu ndi mwana, mayi ako awasungira nanazi.

Ndine,
Bambo ako